Mlimi Mmodzi, Nambala Imodzi

Moni wapadera kwa inu a pa Nkhamenya, a ku Chatoloma, a kwa Kaluluma, a kwa Chisemphere ndi a kwa Simlemba, amene muli m'zigafa kusankha fodya, ndi inu amene thukuta lili kamukamu pa jeke kudinda mabelo. Lero tikamba za makompyuta, koma musachepetse wailesi poganiza kuti izi n'za ana asukulu. Nkhaniyi ikukhudza ndalama zanu za fodya, feteleza wanu ndi dzina lanu mu kaundula.

Funso lathu lero n'lakuti: kompyuta imadziwa bwanji kuti inu ndi inu?

Kumudzi funso limeneli silivuta. Mukanena kuti a Banda, anthu amafunsa kuti a Banda ake ati. Inu n'kuyankha kuti a Banda a kuseri kwa tchalitchi, bambo ake a uje, aja ali ndi ngolo. Basi, aliyense wawadziwa. Koma belo la a Bandawo likakwera lole pa Nkhamenya n'kukatsitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma, ya Mzuzu kapena ya Kanengo, kumeneko kulibe amene akudziwa za tchalitchicho kapena za ngoloyo. Belolo limandandalikidwa pakati pa mabelo a anthu ochokera maboma osiyanasiyana, ndipo a Banda, a Phiri, a Mwale ndi a Nkhoma amakhala osawerengeka. Chimene chimalankhulira mwini fodya pamenepo ndi nambala yolembedwa pa chiguduli ndi pa tikiti ya belo.

N'chifukwa chake mlimi kapena kalabu imayamba yalembetsa ku Tobacco Commission, bungwe limene kale tinkalitchula kuti TCC, n'kupatsidwa nambala pamodzi ndi mlingo wa makilogalamu oyenera kulima. Nambala imeneyo ndi imene imayenda ndi fodya kuchoka ku depoti kukafika pa msika, kuchoka pa msika kukafika ku banki. Mtengo ukhoza kukhala wabwino, fodya n'kukhala wa giredi yapamwamba, koma nambala ikasokonekera, thukuta la wina limakadyedwa ndi wina. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya mlimi imakhala idakali pachala mpaka kaundula atamuzindikira molondola.

Tsono tiyeni tilowe m'kati mwa kompyuta tione mmene zimakhalira.

Zonse zimene mabungwe amalemba za inu zimasungidwa mu chimene akatswiri amachitcha database. M'kati mwake muli matebulo, ndipo tebulo lililonse lili ndi mizere yopingasa ndi makolamu otsika, monga mmene mlembi wa kalabu amajambulira ndi rula mu buku lake. Tebulo limodzi limasunga zinthu za mtundu umodzi: la alimi palokha, la mabelo palokha, la ngongole palokha. Mu tebulo la alimi, mzere umodzi ndi mlimi mmodzi, ndipo makolamu ndi dzina, mudzi, mfumu, nambala ya foni ndi zina zotero.

Kasungidwe kameneka kanayamba ndi katswiri wa masamu wobadwira ku England, Edgar Codd, amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM mu mzinda wa San Jose ku America. M'chaka cha 1970 iye anafotokoza kuti zinthu zisungidwe m'matebulo olumikizana, ndipo anaika mfundo imene mpaka lero mabanki, zipatala ndi maboma akuitsatira. Mfundo yake ndi iyi: mu tebulo lililonse mukhale kolamu, kapena makolamu angapo ophatikizana, osiyanitsa mzere uliwonse ndi inzake yonse. Kolamu yosankhidwa kugwira ntchito imeneyi ndi imene amaitcha primary key.

Primary key ili ndi malamulo awiri amene kompyuta yokha imawateteza. Loyamba, siibwerezedwa: mizere iwiri singakhale ndi nambala yofanana. Lachiwiri, danga lake silisiyidwa lopanda kanthu: simungalowetse mlimi n'kunena kuti nambala tidzaika mawa. Palinso lamulo lachitatu, limene kompyuta siikakamiza koma wokonza tebulo wanzeru amalisunga: primary key ikhale chinthu chosasinthasintha. Ndipo tebulo lililonse limakhala ndi primary key imodzi yokha basi.

Ndi malamulo amenewa m'manja, tiyeni tiyese zimene tili nazo.

Dzina lingakhale primary key? Ayi. Mayina amafanana, ngakhale m'mudzi umodzi, pakuti mwana timamutcha dzina la agogo ake. Dzina limasinthanso. Mayi amalembetsa ndi dzina la kwawo chaka chino, chaka chamawa n'kulembedwa ndi dzina la amuna awo. Komanso kuno ku Nkhamenya, kumene Chichewa ndi Chitumbuka zimakumana, munthu mmodzi angalembedwe Yohane m'buku la kutchalitchi, John m'buku la kalabu, ndipo mayi amene anzake amawaitana kuti a NyaPhiri n'kulembedwa Phiri ku banki. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta ndi anthu awiri kapena atatu.

Nanga dzina kuphatikiza mudzi ndi tsiku lobadwa? Zikuoneka zolimba, koma si zodalirika. Anthu amasamuka, makamaka matenanti amene amabwera kudzalima fodya m'maesiteti a Kasungu kuchokera kumaboma ena. Midzi imagawikana, mafumu atsopano n'kuvekedwa. Achikulire ambiri tsiku lobadwa salidziwa, ndipo alembi amangowaikira tsiku loyamba la chaka.

Nanga nambala ya foni? Iyinso ayi. Foni imatayika, simukhadi imatsekedwa, munthu amachoka ku TNM kupita ku Airtel kapena kukhala nazo zonse ziwiri. M'nyumba zambiri foni ndi imodzi, ya bambo, mayi ndi mwana yemwe. Ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imatha kuipereka kwa munthu wina.

N'chifukwa chake okonza matebulo ambiri amasankha nambala yopanda tanthauzo lililonse, imene kompyuta imapereka yokha munthu akamalowetsedwa: woyamba 1, wachiwiri 2, kumangopita choncho. Mphamvu ya nambala yotere ndi yakuti siinena kanthu za munthuyo, choncho palibe chimene chingaisinthe. Akwatiwe, asamuke, asinthe foni, nambala ndi yomweyo. Ena amakonda kubisa tanthauzo m'nambala, monga kuyamba ndi zilembo za dera kapena za kalabu. Zimakoma poyamba, koma tsiku limene mlimiyo adzachoke kalabu ya ku Chatoloma n'kulowa ya pa Nkhamenya, nambala yake idzayamba kunena bodza.

KANYIMBO KAKAFUPI

Mukumvera nkhani ya mmene kompyuta imasiyanitsira munthu ndi mnzake. Tsopano tafika pamene pagona nkhani yonse, ndiye tcherani khutu.

Nambala yopatsidwa ndi kompyuta ija ili ndi pofooka pake. Imatsimikiza kuti mizere iwiri isafanane, koma siitsimikiza kuti anthu awiri olembedwawo ndi osiyanadi. Tiyerekeze kuti mlimi walembetsa Lolemba, kompyuta yamupatsa nambala 214. Lachinayi wabweranso, wapeza mlembi wina, ndipo kompyuta yamupatsa 377. Primary key siidandaula, pakuti 214 ndi 377 ndi nambala zosiyana. Koma munthu ndi mmodzi, ndipo tsopano ali ndi mwayi wotenga ngongole ya feteleza kawiri, mnzake n'kubwerera chimanjamanja.

Apa ndi pamene pamafunika chida chachiwiri, chotchedwa unique index. Ichi ndi mlonda wa pachipata amene amaikidwa pa kolamu ina iliyonse imene tagwirizana kuti zolembedwamo zisabwerezedwe. Aliyense wofuna kulowa, mlondayo amayamba waona ngati wina wofanana naye ali kale m'kati, ndipo akakhalamo, chipata sichitseguka.

Kwathu kuno kolamu yoyenera kuikapo unique index ndi ya nambala ya chiphaso cha unzika. Mukumbukira chaka cha 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, linayenda dziko lonse kulemba aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo. Anthu oposa 9 miliyoni analembedwa m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Sanangotifunsa mayina. Anatijambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala, kuti makina afananitse ndi kuona ngati wina walembetsa kawiri. Zotsatira zake ndi kanambala ka zilembo ndi manambala asanu ndi atatu kali pa chiphaso chanu. Khadi lenilenilo limatha ntchito n'kukonzedwanso, koma nambalayo imakhala yomweyo.

Tiyeni tione mmene zimakhalira pa desiki. Mlembi wakhala pansi, alimi afola panja, chiphaso chili m'manja. Walemba dzina, mudzi, mfumu, kenako zilembo zisanu ndi zitatu zija. Wadina kuti zisungidwe. Kompyuta yakana, yati nambala imeneyi ilimo kale. Mlembi wafufuza, wapeza mzere wa 214, n'kutembenuza kompyuta kuti mwini chiphaso aone. "Bambo, si inu awa? Munalembetsa Lolemba." Mwina bamboyo anaganiza kuti ulendo woyamba sizinatheke. Mwina anali ndi maganizo ena. Kompyuta siiweruza mtima wa munthu, koma thumba lachiwiri la feteleza silituluka.

Izi si zachilendo kwa ife. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP itayamba m'chaka cha 2020, kulowa m'malo mwa makuponi a FISP amene tinawazolowera kuyambira 2005, mlimi ankagula thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4,495 poonetsa chiphaso cha unzika, wogulitsa n'kuchijambula ndi foni. Chiphaso chimodzi, mlimi mmodzi, gawo limodzi. Kulembetsa masimukhadi m'chaka cha 2018 kunadaliranso ziphaso, chimodzimodzi kalembera wa zisankho za 2019. Ngakhale m'zipatala, a Baobab Health anayamba kumata timapepala ta barcode pa mabuku a odwala ku Kamuzu Central kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, cholinga chake n'chomwechi: wodwala akabweranso apezeke kuti ndi yemwe uja.

Wina afunsa kuti, ngati nambala ya chiphaso ili yabwino chotere, bwanji osangoipanga kukhala primary key? Funso labwino, ndipo yankho lake likutionetsa kusiyana kwa zida ziwirizi.

Choyamba, primary key siilola danga lopanda kanthu, pomwe unique index imatha kulola. Mlimi amene chiphaso chake sichinatuluke angalowe mu kaundula wa kalabu, danga la chiphaso n'kudikira. M'mapulogalamu monga PostgreSQL, MySQL ndi SQLite, madanga opanda kanthu otere angakhale ambiri. SQL Server ya Microsoft imalola limodzi lokha, pokhapokha wokonza atauza index kuti iziyang'ana mizere yokhayo imene ili ndi nambala. Inu ophunzira za makompyuta, kusiyana kumeneku muzikudziwa musanayambe ntchito.

Chachiwiri, primary key ndi imodzi pa tebulo, koma ma unique index angakhale angapo: ina pa chiphaso, ina pa nambala ya umembala, ina pa nambala ya lisiti.

Chachitatu, primary key ndi imene matebulo ena amagwiritsa ntchito poloza mlimi. Mu tebulo la mabelo sitilembamo dzina la mwini belo, timangolemba 214. Mu tebulo la ngongole, 214. Mu tebulo la malipiro, 214. Kulozerana kumeneku amakutcha foreign key, ndipo kompyuta imakana belo lolozera kwa mlimi amene kulibe. Tsono taganizani mlembi atalakwitsa chilembo chimodzi cha chiphaso. Ngati chiphasocho ndicho chamwazika m'matebulo onse, kukonza kwake ndi chintchito. Ngati chili pamalo amodzi, akonza pamodzi pomwepo, zatha. Kusunga nambala ya chiphaso pamalo amodzi kumathandizanso kuteteza chinsinsi cha munthu, chimene lamulo la Data Protection Act la 2024 likufuna kwa aliyense wosunga mbiri za anthu.

Pali phindu linanso. Index ndi mndandanda wosanjidwa bwino umene kompyuta imausunga pambali. Popanda index, kuti ipeze mlimi mmodzi iyenera kuwerenga mzere uliwonse kuyambira pamwamba. Koma mu mndandanda wosanjidwa, imayang'ana pakati, n'kutaya theka limene munthuyo mulibe, n'kuyang'ananso pakati pa lotsalalo. Mwa njira imeneyi, pa anthu 1 miliyoni, kuyang'ana ka 20 kokha n'kokwanira, ndipo ma database a masiku ano amafika msanga kuposa pamenepo. Komabe index iliyonse imadya malo, ndipo imachedwetsako pang'ono polowetsa zatsopano, chifukwa mndandanda uja uyenera kusanjidwanso. Choncho siikidwa pa kolamu iliyonse mwachisawawa.

KANYIMBO KAKAFUPI

Nthawi zina chosayenera kubwerezedwa si kolamu imodzi, koma makolamu angapo akakumana. Mlimi amatenga ngongole chaka ndi chaka, choncho nambala yake idzaoneka kambiri mu tebulo la ngongole. Chakanso chidzaoneka kambiri, pakuti alimi ndi ambiri. Chosaloledwa ndi mlimi yemweyo, chaka chomwecho, ngongole ya mtundu womwewo, kawiri. Unique index imaikidwa pa makolamu atatuwo pamodzi. Onani apa kuti lamulo limeneli silichokera kwa wa kompyuta. Limachokera kwa komiti. Wapampando, msungichuma ndi mamembala ndi amene amadziwa ngati mlimi wa minda iwiri angatenge kawiri kapena ayi. Wa kompyuta amangolemba zimene mwagwirizana. Mukapanda kumuuza, adzangoganizira yekha, ndipo kuganizira kwakeko kudzakhala lamulo lanu.

Ndichenjezenso pa zinthu zinayi zimene zimagwetsa kaundula wabwino.

Choyamba ndi kudzaza danga ndi zabodza. Munthu alibe chiphaso, mlembi n'kungolemba maziro asanu ndi atatu kuti ntchito iyende. Wachiwiri wopanda chiphaso akabwera, kompyuta ikana maziro aja chifukwa alimo kale. Pamenepo ena amakwiya n'kuuza wa kompyuta kuti achotse unique index ikuchedwetsa ntchito. Ikachotsedwa, khomo latsegukira onse olembetsa kawiri. Danga lopanda chidziwitso lisiyeni lopanda kanthu.

Chachiwiri ndi kupereka nambala yakale kwa munthu watsopano. Mlimi akamwalira kapena akatuluka m'kalabu, nambala yake ipume. Mukaipereka kwa mwana wake kapena kwa membala watsopano, ngongole ndi mbiri yonse ya woyamba uja zidzagwera wosalakwa. Ndipo mzere wa amene wachoka musaufufute. Ingolembani kuti anachoka, kuti mabelo ake akale asasowe mwini.

Chachitatu chikukhudza netiweki, imene tonse tikudziwa mmene imavutira kumidzi. Alangizi awiri akamalemba alimi pa mafoni awiri popanda intaneti, foni iliyonse n'kumawerenga yokha kuyambira pa 1, tsiku lotumiza ku likulu manambala adzawombana. Mankhwala ake ndi kugawiratu manambala, foni iyi kuyambira apa, inayo kuyambira apo, kapena kugwiritsa ntchito nambala zitalizitali zotchedwa UUID, zimene foni iliyonse imapanga yokha popanda kufanana ndi za inzake. Ndiponso lamulo loletsa kubwereza likhale mu database mwenimwenimo, osati pa pulogalamu ya pa foni pokha. Alembi awiri akhoza kufunsa nthawi imodzi ngati munthu alimo, onse n'kuyankhidwa kuti mulibe, onse n'kumulowetsa. Ndi database yokha imene ingakane wachiwiriyo.

Chachinayi ndi chimene kompyuta singachithetse konse. Unique index imagwira zofanana ndendende. Mlembi akalemba chilembo O pamalo pa ziro, kwa iyo ameneyo ndi munthu wina. Ndipo mlimi akabwereketsa nambala yake kwa venda kuti agulitsirepo fodya, kapena akapereka chiphaso chake kwa wina kuti akagulire feteleza, kaundula adzaoneka woyera pomwe zoona zake zili zina. Mawa pakadzapezeka vuto pa mabelowo, kapena ngongole yosabwezedwa, adzafunsidwa ndi mwini nambala. Abale anga, nambala yanu musabwereketse.

Tsono inu a makalabu, a makopaletivi ndi a banki m'khonde, musati izi n'za mabungwe akuluakulu okha. Ngakhale kaundula wanu ali m'buku, patsani membala aliyense nambala yake, ndipo nambalayo izilembedwa paliponse pamene dzina lake lalembedwa: pa zopereka, pa ngongole, pa mabelo. Musanalembe watsopano, fufuzani chiphaso chake m'bukumo. Ngati mumagwiritsa ntchito Excel, dziwani kuti payokha siikana zobwereza. Pemphani wodziwa akuikireni lamulo lokana, kapena lopaka mtundu pa nambala zofanana. Ntchito ikakula, samukirani ku database yeniyeni.

Inu atsikana a pa Nkhamenya Girls ndi achinyamata nonse amene mukulakalaka ntchito za makompyuta, mudzakopeka ndi kukongoletsa zooneka pa foni. Koma musanajambule batani ngakhale limodzi, khalani pansi ndi eni ntchito muwafunse mafunso awiri: mzere umodzi mu tebulo ili ukuimira chiyani, ndipo n'chiyani chimene sichiyenera kuoneka kawiri? Yankho la funso loyamba ndi primary key yanu. Yankho la lachiwiri ndi ma unique index anu. Kuziika tebulo lisanadzaze ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kuziika patapita zaka, mutadzaza kale anthu olembedwa kawiri, kumafuna kuitana anthu mmodzimmodzi kuti mudziwe weniweni ndi uti, pakuti database siilola unique index pa kolamu imene muli kale zobwereza.

Ndipo inu alimi, muli ndi ufulu woona zimene zalembedwa za inu. Polembetsa, pemphani mlembi akuwerengereni mokweza nambala ya chiphaso, inu mukutsatira pa khadi lanu chilembo ndi chilembo. Belo lisanakwere lole, onani kuti nambala ya pa chiguduli ndi ya pa tikiti ndi yanu. Pepala la malonda likabwera kuchokera ku okushoni, liyerekezeni ndi zimene munatumiza, ndipo pakakhala kusiyana kanenani msanga kwa mlembi wa kalabu msika usanatsekedwe. Kufunsa si mwano, ndipo mlembi wabwino amakondwera ndi mlimi wofunsa, chifukwa amamuthandiza kusunga kaundula woona.

Gulitsani bwino fodya wanu.